Tsiku Limene Mafikeni Sanamwalire

Dziko la Zilibwino linali lalikulu mochititsa manyazi. Munthu akanyamuka kumalire a kum'mawa ali mnyamata, ankafika kumalire a kumadzulo ali ndi imvi, ndipo monse m'njiramo ankapeza anthu akudya chakudya chofanana, ndiye kuti chochepa. Likulu lake linali mzinda wa Khalachete. Kumeneko banja la a Chatsalira linali litakhala pampando wa ufumu zaka mazana atatu, mwana kulandira kwa bambo, popanda wofunsa ngati mwanayo mutu wake ukuyenda bwino.

Dzikoli linali ndi mwambo umodzi umene alendo ankauseka, eni ake n'kumaugwadira. Chinthu sichinkawerengedwa kuti chachitika mpaka mfumu italemba m'Buku la Masiku. Tsiku likamatha mfumu inkalemba ndi dzanja lake zimene zachitika, ndipo m'mawa mwake wolengeza ankakwera pa mgolo pakati pa msika n'kuwerenga. Zolembedwazo ndizo zachitika. Zosalembedwa zinali mphekesera, ndipo mphekesera inali ya zikoti makumi awiri. Akuti makolo anauyamba mwambowu ndi mtima wabwino, pofuna kuthetsa mikangano ya malire ndi ya maukwati. Sanaganize kuti tsiku lina cholembera chidzagwera m'manja mwa munthu amene maso ake amangoona mitambo.

Munthuyo anali Chatsalira Wachiwiri. Ndisamunamizire, sanali chilombo. Anali munthu wofatsa, wa ndevu zosamalika bwino, wokonda mkazi wake ndi ana ake, wokonda kuwaza nkhuni ndi kuwombera akhwangwala. Akanabadwira kumudzi bwenzi ali mkamwini wabwino kwambiri. Tsiku limene bambo ake anamwalira analira n'kunena kuti, “Ine za ufumuzi sindizidziwa ayi.” Pa ulamuliro wake wonse amenewo ndiwo anali mawu oona kuposa onse, koma sanawalembe.

Pa tsiku lomulonga ufumu, nduna zinalengeza kuti aliyense wobwera ku Bwalo la Landirani apatsidwa buledi ndi kapu ya malata yojambulidwa nkhope ya mfumu. Bwalolo linali ndi maenje akuluakulu amene anatsala anthu ataumba njerwa. M'malo mowakwirira, akuluakulu anangoyalapo matabwa opyapyala ndi udzu kuti alendo akunja asaone zonyansa.

Pamsika wa Khalachete panali mayi wina wogulitsa mbatata yootcha, dzina lake Nakwenda. Anali atakwatiwa miyezi isanu yokha ndi Mafikeni, mnyamata wonyamula katundu, wa nthabwala zosatha. Mafikeni sankafuna kupita ku bwaloko, ankati chigulu n'cha nkhosa. Koma Nakwenda anamuumiriza.

“Pitani inu,” anatero. “M'nyumba muno mulibe kapu yomwera alendo. Apongozi akabwera tiziwapatsabe madzi m'chitini?”

Mafikeni anapita. Khamu litadzaza, wina anakuwa kuti makapu atsala pang'ono, ndipo a kumbuyo anayamba kukankha a kutsogolo. Matabwa aja anathyoka. Masana Nakwenda anakamupeza mwamuna wake pansi pa dzenje, pansi pa anthu ena, kapu ili m'manja. Anangokwanitsa kutenga kapuyo. Asilikali anaunjika mitembo pa ngolo n'kukaikwirira m'dzenje limodzi kuseri kwa mzinda dzuwa lisanalowe, chifukwa gule wa akuluakulu sakanayamba msewu uli choncho.

M'mawa mwake wolengeza anakwera pa mgolo n'kuwerenga kuti: “Dzulo kunali dzuwa labwino. Anthu anabwera ambiri ndipo amandikonda. Tinavina kwa kazembe wa dziko la Chionetsero. Nsapato yakumanzere ikundithina.”

Msika wonse unadikira kuti apitirize. Wolengeza anatseka pepala lake n'kutsika.

Ndiye kuti palibe amene anamwalira. Popanda womwalira palibe maliro, popanda maliro palibe kumeta, ndipo mkazi wosametedwa sasudzulidwa. Abale a Mafikeni anabwera, nalira chamumtima zitseko zitatsekedwa, n'kumuuza Nakwenda kuti iwo misana yawo si ya zikoti. Nakwenda anamanga tsitsi lake mu mpango, nalumbira kuti lumo silidzalikhudza mpaka mwamuna wake ataliridwa poyera monga munthu. Chimene chinkamudya usana ndi usiku n'choti anamutuma ndiye, ndipo tsopano sankaloledwa ngakhale kumupepesa pamanda.

Anapita kwa a Gwadani, Nduna ya Zoyenera Kumveka, munthu wonenepa amene mawondo ake anali ndi zikang'a chifukwa cha ntchito.

“Wawa, bwana nduna,” anatero Nakwenda atakhala pansi. “Amuna anga anamwalira ku Bwalo la Landirani.”

“Liti, mayi?”

“Lachiwiri lija.”

A Gwadani anatsegula mapepala, nayendetsa chala. “Lachiwiri kunali dzuwa labwino, mayi.”

“Dzuwalo ndinaliona, bwana. Amuna anganso ndinawaona, nthiti zitalowa m'kati.”

“Mukutanthauza kuti inu mumaona kuposa Mwinidziko?”

“Iyayi, bwana. Nanga amuna angawo ali kuti?”

“Zimenezo ndi za m'banja,” anatero a Gwadani mwachifundo. “Amuna amachoka. Muziphika bwino, abwera.”

Pafupi ndi mbaula ya Nakwenda pankakhala a Chikadza, mmisiri wokhoma zidebe. Anali munthu wa mawu ochepa, amene ankayankha mfumu ndi nyundo: wolengeza akawerenga bodza laling'ono ankamenya kamodzi, likakhala lalikulu kawiri. Patapita zaka ziwiri, a Chikadza anakhosomola n'kunena zimene msika wonse unali utadziwa kale.

“Anakwenda, ine mawu ndili nawo.”

“Asungeni, a Chikadza. Ine ndi mkazi wamwini. Simunamve? Amuna anga angochoka.”

“Ndidikira,” anatero a Chikadza. “Kuona maso a nkhono n'kudekha.”

A Chikadza sankadziwa kuti nkhono yawo inali ya zaka makumi awiri ndi chimodzi.

Kenaka kunabwera nkhondo yolimbana ndi kachilumba ka Musatidelere. Pa msonkhano wa nduna, a Gwadani anaimirira n'kunena kuti anthu a kumeneko ndi aafupi, ndipo asilikali a Zilibwino akangowaponyera zipewa chilumba chonse chimira. Nduna zinawomba m'manja mpaka ina inakomoka. Mfumu inkayang'ana pawindo, chifukwa pa nthambi panatera khwangwala wonenepa.

Sabata yomweyo kalata inafika kwa Nakwenda yoitana Mafikeni kunkhondo. Mafikeni sanapite, monga mmene mungaganizire, ndipo apolisi anabwera kudzamufunafuna mpaka kunsi kwa bedi. Kunyanja zombo zonse za Zilibwino zinamira m'mawa umodzi. Buku linati: “Kunagwa mvula yamawawa. Ndinapha akhwangwala asanu.” Popeza malinga ndi Buku dziko silinagonje pa nkhondoyo, panayenera kukhala ngwazi, choncho aliyense amene dzina lake linali pa mndandanda anatumiziridwa mendulo. Ya Mafikeni inafika Lachisanu.

“Amuna anu ndi olimba mtima,” anatero a Chikadza akuitembenuza. “Malata ake ndi abwinonso. Ndingakuikireni chigamba pa poto.”

Mendulo ya ngwazi Mafikeni inatseka bowo la poto wa nyemba, ndipo ndi ntchito yokhayo yabwino imene nkhondoyo inagwira.

Anthu a ku Zilibwino anali ndi matenda amodzi osachiritsika. Ankakhulupirira kuti mfumu ndi yabwino, oipa ndi amene aizungulira, ndipo itangomva ndi makutu ake ilira nawo. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, choncho Lamulungu lina anthu anaganiza zopita okha. Anavala zovala za kutchalitchi, ananyamula zithunzi za mfumu, akuimba nyimbo za Mulungu. Pempho lawo silinali lalikulu: kuti mfumu ilembeko mzere umodzi wokha wa njala ndi wa akufa. Nakwenda anali kutsogolo ndi kapu yake. A Chikadza anamutsatira akunyinyirika.

Pachipata cha nyumba yachifumu anakumana ndi asilikali. Koma mfumuyo inali itapita kumunda wake wa kunja kwa mzinda kukawaza nkhuni. Mfuti zinalira mpaka nyimbo inatha.

Lolemba wolengeza anawerenga kuti: “Kunali chisanu. Amayi anabwera kudzadya nafe chamasana. Kumzinda akuti kunali kaphokoso.” Tsiku limenelo nyundo ya a Chikadza sinalire, chifukwa mwini wake anali chigonere ndi chipolopolo m'ntchafu. Atadzuka ankatsimphina, ndipo wapolisi wina atawafunsa chimene chinachitika anayankha kuti, “Palibe, bwana. Mwendowu ukungokhulupirira mphekesera.”

Koma kaphokoso kaja kanakula, ndipo pofuna kukaziziritsa mfumu inalola kuti anthu asankhe aphungu. Nyumba yawo inatchedwa Yankhulani Pang'ono. Pa tsiku lotsegulira a Gwadani analankhula maola anayi, kufotokoza kuti Mwinidziko ndi dzuwa, aphungu ndi zikuni, ndipo chikuni chanzeru sichiyaka masana. Phungu wina wochokera ku dera la Mimbakulira anaimirira n'kufunsa ngati Nyumbayo ingaloledwe kulembako m'Buku, ngakhale m'mphepete mwa tsamba. Madzulo ake Nyumba inatsekedwa kuti aipake laimu. Laimuyo anauma patapita chaka, ndipo phungu uja sanaonekenso, ngakhale kuti malinga ndi Buku sanapite kulikonse.

Zaka zinapita. Tsitsi la Nakwenda linapota mu mpango mpaka khosi linayamba kumuwawa. Ndevu za a Chikadza zinayera. Kunyumba yachifumu kunalowa mlosi wina wosasamba amene ankati amatha kuletsa magazi a mwana wodwala wa mfumu, ndipo posakhalitsa nduna zinayamba kulembedwa ndi kuchotsedwa ntchito malinga ndi maloto ake. Ine za mwanayo sindiseka, bambo aliyense mwana akadwala amagwira ngakhale udzu. Koma dziko si mwana wa munthu mmodzi. Nduna zonse zinasinthidwa kupatula a Gwadani, amene ngakhale m'maloto a mlosi ankaoneka atagwada.

Kenaka kunabuka nkhondo ina yaikulu kuposa yoyamba. Anyamata anatumizidwa atatu pa mfuti imodzi, wachiwiri ndi wachitatu akuuzidwa kuti adikire woyamba agwe. Mfumu inaganiza zokatsogolera yokha, inakwera sitima yake ya pamtunda n'kutenga Buku. Kumeneko inkayenda m'mawa, masana n'kusewera bawo ndi akuluakulu a asilikali, amene ankaluza mwaulemu.

Ku Khalachete buledi anatha. Ufa unatha. Mbatata ya Nakwenda inayamba kugulitsidwa yoduladula ngati sopo. Amayi ankaima pamzere kuyambira mbandakucha, ndipo wolengeza ankawauza kuti dzulo kunkhondo kunali kamphepo kayaziyazi. M'mawa wina mayi wina anaponya poto wopanda kanthu, n'kumumenya wolengeza pamphumi. Mapoto ena anatsatira. Asilikali ataitanidwa kuti awombere, anayang'anitsitsa pamzerepo n'kuona amayi awo ndi azakhali awo, ndipo anatsitsa mfuti n'kufunsa ngati kunyumba kuli kalikonse kodya.

A Gwadani anatumiza uthenga wa lamya kunkhondo woti zinthu zafika pa mwana wakana phala. Mfumu inalemba kuti: “Gwadani wonenepa uja wanditumiziranso zopanda pake. Kunja kukuwala.” Patapita masiku atatu inavomera kubwerera. Koma anthu ogwira ntchito pa njanji anakana kuitsegulira njira, ndipo sitima ya Mwinidziko inaima pa kasiteshoni ka Pothera, pakati pa minda ya nandolo, ulendo wa theka la tsiku kuchokera ku Khalachete.

Nakwenda atamva zimenezi anazimitsa mbaula, anamanga kapu pa nsalu, n'kuuyamba wapansi.

Anafika dzuwa litapendeka. Alonda anali atathawa, ndipo palibe anamuletsa kukwera. M'kati anapeza munthu wamng'ono thupi, wa ndevu za imvi, atakhala yekha patebulo, Buku lili patsogolo pake. Akuluakulu a asilikali anali atangochoka kumene ndi pepala limene anamusainitsa, loti watula pansi ufumu. Akuti anasaina ndi pensulo, mofatsa, n'kufunsa ngati tiyi wapsa.

Nakwenda anagwada, chifukwa mawondo saiwala msanga.

“Wawa, Mwinidziko.”

“Khalani pampando, mayi,” anatero Chatsalira. “Mwachokera kumzinda? Kukuoneka bwanji kumeneko, kugwa mvula?”

Nakwenda anamasula nsalu n'kuika kapu patebulo. Nkhope ya pa kapuyo inali ya mnyamata, ndipo Chatsalira anaiyang'ana mokondwa.

“Aa, tsiku limeneli ndikulikumbukira! Kunali dzuwa labwino. Nsapato inandithina kwambiri.”

“Amuna anga anafera kapu imeneyi, Mwinidziko. Dzina lawo Mafikeni. Ndinawatuma ndine. Zaka makumi awiri ndi ziwiri sindinawalire, chifukwa inu simunalembe.”

“Anandiuza kuti kunachitika kangozi,” anatero Chatsalira pang'onopang'ono. “Ndinaona kuti ndikalemba, tsiku labwino liipa. Anali angati?”

“Sitinawerenge. Kuwerenga kunali kwa zikoti.”

“Ndiye mukufuna ndilembe?”

“Mzere umodzi wokha.”

“Koma zimenezo n'zosavuta, mayi,” anatero Chatsalira akutenga cholembera. “Bwanji simunabwere kudzanena kale?”

Nakwenda anaganiza za chipata chija, za nyimbo imene inathera pakati, za mwendo wa a Chikadza. Akanamupeza ali chilombo, mwina mtima ukanatsika. Chimene chinamupweteka n'choti munthuyo ankafunsa moona mtima.

Chatsalira analemba mosamala kuti Mafikeni anamwalira pa Bwalo la Landirani, n'kusaina. Kenaka anang'amba tsambalo n'kumupatsa ndi manja awiri. Nakwenda akutsika anamumva akudziwerengera zimene ankalemba pa tsamba lotsatira: “Ndatula pansi ufumu. Kwabwera mayi wina ndi kapu. Kunja kwachita mitambo.”

Ku Khalachete kunali kutalowa boma latsopano, lotchedwa Komiti ya Tonse Ndife Amodzi. Nakwenda anapita ku ofesi yomwe ija, napeza munthu wonenepa yemwe uja, atangosintha malaya. Tsopano ankatchedwa Mnzathu Dzukani, ndipo ankati kugwada konse kuja inali njira yomenyera ufulu chamseri.

“Wawa, bwana nduna.”

“Kulibenso bwana, mayi. Nenani kuti mnzathu. Koma khalanibe pansi pomwepo.”

Nakwenda anapereka tsamba lake. Dzukani analiwerenga, nalitembenuza, naliyang'ana padzuwa.

“Analemba nthawi yanji?”

“Dzuwa litapendeka.”

“Apa pali njira ziwiri,” anatero Dzukani. “Ngati analemba akadali mfumu, Komiti yalamula kuti zonse za m'Buku la wopondereza ndi bodza, ndiye kuti amuna anu ali moyo. Ngati analemba atatula pansi ufumu, ili ndi pepala la munthu wamba, ndipo munthu wamba sangaphe munthu ndi cholembera. Amuna anu ali moyo.”

“Nanga Komiti singalembe yokha?”

“Komiti ili ndi Buku lake latsopano, koma likuyambira pa tsiku la ufulu. Za kale sitikuzifuna, tikuyang'ana kutsogolo. Komanso muwauze a Mafikeni abwere Lolemba ku msonkhano wa ngwazi za nkhondo.”

A Chikadza atamva nkhaniyi anamenya nyundo katatu, chinthu chimene sanachitepo.

Chatsalira ndi banja lake anatengedwa kupita ku nyumba ina yakutali, ya mawindo opakidwa laimu. Akuti ankawaza nkhuni mosangalala kuposa mmene analamulirira. Patapita chaka, mphekesera inafika pamsika yoti m'nyumbamo mulibenso munthu, bambo, mayi ndi ana omwe, ndipo makoma a chipinda chapansi akutsukidwa. M'mawa mwake wolengeza watsopano anakwera pa mgolo womwe uja n'kuwerenga kuti: “Dzulo sikunachitike kanthu. Ntchito ikuyenda bwino.”

Nakwenda anatembenuza mbatata pa mbaula. “Ndiye kuti nawonso angochoka, ngati a Mafikeni,” anatero. “A Chikadza, sizasi yanu yodulira malata ija ndi yakuthwa?”

“Ndi ya malata, Anakwenda.”

“Tsitsi ili lalimba kuposa malata. Bweretsani.”

Unali mwezi wa chisanu, anthu atafunda mabulangete masana. Nakwenda anakhala pansi pakati pa msika, anamasula mpango, anaika kapu patsogolo pake, n'kuyamba kulira maliro mokweza, monga mmene akanalirira ali mtsikana. Anatchula dzina la Mafikeni. Anamupepesa chifukwa cha kapu. A Chikadza ankadula tsitsilo, misozi ikugwera m'ndevu.

Mayi wogulitsa mchere anabwera n'kukhala pambali pake, natchula mwana wake amene sanamire ndi zombo. Wina anatchula mlongo wake amene sanawomberedwe pachipata. Malumo anatuluka m'matumba. Pofika masana theka la msika linali mipala, ndipo tsitsi linaunjikana mulu wofika m'chiuno. Pa mutu wa Nakwenda panatsala kachigamba kamodzi.

“Aka n'ka ndani?” anafunsa a Chikadza.

“Ka ana a mfumu ija. Iwo sanalembe buku lililonse, ndipo palibe amene adzawalembe.”

“Nanga bambo wawo?”

“Iwowo awalire akhwangwala. Dulani.”

Sizasi itangolira komaliza, Mnzathu Dzukani anatulukira ndi apolisi anayi ndi Buku latsopano kukhwapa. Anayang'ana mulu wa tsitsi, anayang'ana mitu yosawerengeka ikung'anima m'chisanu, anayang'ananso apolisi ake, n'kuona kuti awiri mwa iwo avula zipewa.

“Wamwalira ndani pano?” anafunsa Dzukani.

Nakwenda anapukuta misozi, anagwira dzanja la a Chikadza pamaso pa anthu onse n'kuimirira.

“Palibe, mnzathu,” anatero mano akugundana ndi chisanu. “Kunjaku kwangotentha.”

Dzukani anapumira m'mwamba ngati munthu amene watula mtolo. Anatsegula Buku pomwepo n'kulemba kuti: “Lero kunatentha.”

Mukadzapita ku Zilibwino mudzapeza mzere umenewo, ndipo aliyense pamsika adzakuuzani kuti ndi tsiku limene Mafikeni analiridwa.